Kodi mumadziwa? Chinsinsi cha tikiti yotchipa ya ndege

Kodi mumadziwa kuti ndege zambiri za Ryanair, kampani ya ku Ireland, zopita ku Paris zimakatera pa bwalo la ndege la Beauvais, mtunda wa makilomita oposa 80 kuchokera mumzindawo? Mabwalo ang'onoang'ono ngati limeneli salipiritsa makampani ndalama zambiri, ndipo ndege sizichedwa kudikira mpata wotera.

Nzeru zambiri zotchipitsira tikiti Ryanair inazitengera ku Southwest Airlines ya ku America, yomwe inayamba kuuluka mu 1971 m'chigawo cha Texas. Southwest imagwiritsa ntchito ndege za mtundu umodzi wokha, Boeing 737, kotero oyendetsa ndi amakaniko amaphunzira ndege imodzi ndipo zipangizo zosinthira zimakhala zofanana. Ryanair imafunanso kuti ndege ikatera inyamuke pakangotha mphindi 25. Anthu akutsika, ogwira ntchito m'ndegemo ayamba kale kutola zinyalala m'mipando, chifukwa ndege ili ngati minibasi: ikaima sipanga ndalama.

Makampani akale anaumva kuwawa mpikisano wa makampani otchipawa. British Airways inatsegula kampani yake yotchipa, Go, mu 1998, koma pofika 2002 inali m'manja mwa kampani ina ya ndege, easyJet. Mu 2017 British Airways inasiya kupereka chakudya chaulere kwa okwera wamba pa maulendo afupiafupi.

Komatu mtengo umene mumauona poyamba ndi wa mpando wokha. Musanalipire, wonkhetsani za chikwama, za kusankha pokhala ndi za basi yokakufikitsani mumzinda, kenaka yerekezani ndi tikiti ya kampani ina.