KUCHOTSA MADZI M'THUPI MWA WODWALA IMPSO

Munthu ali ndi impso ziŵiri, ndipo ntchito yake ndiyo kusefa magazi usana ndi usiku. Pa tsiku limodzi impso zimasefa madzi okwana pafupifupi malita 180. Ambiri mwa madziŵa amabwerera m'magazi, ndipo otsala, okwana ngati lita imodzi ndi theka, amatuluka monga mkodzo pamodzi ndi zoipa za m'thupi.

Impso zikhoza kuleka kugwira ntchito mwadzidzidzi chifukwa cha malungo aakulu, kutaya magazi ambiri pobereka, kuthamanga kwa magazi kwa mayi wapakati, mankhwala ena azitsamba, kumwa Brufen mopanda malangizo, kapena kutsekula m'mimba koopsa monga kolera imene inasautsa dziko lino mu 2022 ndi 2023. Zikatero mkodzo umachepa ndipo madzi amatsalira m'thupi. Mapazi ndi nkhope zimatupa; madziwo akafika m'mapapo wodwala amabanika, makamaka akagona chagada.

KUMENE THANDIZO LIMAPEZEKA

Wodwala wotere akafika pa chipatala cha Mitundu kapena cha Nathenje amatumizidwa ku chipatala chachikulu cha Kamuzu Central ku Lilongwe. Kumeneko kuli makina osefa magazi, amene madokotala amati dayalisisi. Makina otere anapulumutsa munthu koyamba mu 1945 ku Netherlands, m'manja mwa dokotala Willem Kolff. Kuno ku Malaŵi anayamba kugwira ntchito ku Lilongwe mu 1998, ndipo ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre mu 2011.

Magazi amatuluka m'thupi kudzera m'kapaipi koikidwa mu mtsempha wa pakhosi kapena wa m'chinena, nadutsa mu sefa, nabwerera m'thupi. Ntchitoyi imatenga pafupifupi maola 4. Sefayo imachotsa zoipa, ndiponso imakoka madzi opyola muyeso.

CHIFUKWA CHAKE MADZI SACHOTSEDWA ONSE KAMODZI

Abale ena amadandaula poona kuti m'bale wawo wachoka pa makina akali wotupa. Yankho lake akulidziŵa bwino alimi a m'madimba. Chitsime cha m'dimba m'mwezi wa Okutobala chikatungidwa mofulumira chimaphwa, ngakhale kuti dothi lozungulira lili ndi madzi. Wotunga amadikira kuti madzi ayambe adontheramo. Thupi nalonso limatero. Makina amatunga madzi m'magazi mokha, pamene madzi ambiri otupitsa thupi ali m'minofu, ndipo amaloŵa m'magazi pang'ono-pang'ono.

Madzi akachotsedwa mofulumira, magazi amachepa m'mitsempha ndipo mphamvu ya kuthamanga kwake imatsika. Wodwala amamva chizungulire, amasanza, miyendo imakokana, mwina amakomoka. Mtima umavutika, ndipo impso zimene zinayamba kuchira zimavulalanso. Komanso madzi akachotsedwa ochepa, mapapo amadzaza. Nchifukwa chake dokotala amayamba wayeza wodwala, namvetsera m'chifuwa mwake, asanalamule kuchuluka kwa madzi oyenera kuchotsedwa. Wodwala amene angathe kuima amakwezedwa pa sikelo asanaikidwe pa makina ndiponso atachokapo, pakuti lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Wodwala kwambiri amachotsedwa madzi pang'ono-pang'ono kwa masiku angapo.

UDINDO WA WOYANG'ANIRA WODWALA

Madzi amene makina achotsa m'maola 4 akhoza kubwezedwa tsiku lomwelo ndi m'bale wachifundo wobwera ndi chigubu cha thobwa. Chotero woyang'anira wodwala asunge malamulo aŵa:

1. Apatse wodwala madzi okhawo amene dokotala waloleza. Kaŵiri-kaŵiri muyeso wake ndi theka la lita kuphatikiza kuchuluka kwa mkodzo wa dzulo lake. Tiyi, thobwa, msuzi ndi phala lamadzi-madzi zonse zimaŵerengedwa monga madzi.

2. Asunge mkodzo wonse m'chotengera chimene anamwino apereka, kufikira utayezedwa.

3. Asathire mchere m'ndiwo, chifukwa mchere umadzetsa ludzu ndi kusunga madzi m'thupi. Nthochi, mapeyala ndi mbatata ayambe wafunsa asanapereke.

4. Asabweretse mankhwala azitsamba m'chipatala mobisa.

5. Aitane namwino msanga wodwala akayamba kubanika kapena kumva chizungulire.

Malamuloŵa ndi a wodwala amene impso zake zaleka kale kugwira ntchito. Munthu wotsekula m'mimba kumudzi asamanidwe madzi. Amwe Thanzi ORS wambiri pamene akupita naye kuchipatala, pakuti kutero ndiko kuteteza impso.

Impso zoleka ntchito mwadzidzidzi kaŵiri-kaŵiri zimachira ngati thandizo lafika msanga, ndipo wodwala amabwerera kumunda kwake osafunanso makina. Munthu wodwala amene watha tsiku lathunthu osakodza, kapena akukodza pang'ono pokha, asagonekedwe pakhomo kudikira maŵa. Apite naye kuchipatala tsiku lomwelo.