Chimera, malovu ndi sayansi ya ku Birmingham

Aliyense amene anaonapo thobwa likukonzedwa amadziwa zimene zimachitika mayi akathira chimera m'phala lolimba. Posakhalitsa phala lija limasungunuka, mthiko n'kumayenda mosavuta, ndipo ukalawa umamva kutsekemera chikhalirecho shuga sanathiremo.

Chimene chimagwira ntchitoyi ndi enzayimu yotchedwa amylase. Chimanga, mawere kapena mapira zikamamera, njere imapanga enzayimuyi kuti idule sitachi, asanduke shuga wodyetsa mphukira. M'malovu mwathu ilimonso, n'chifukwa chake chinangwa chophika ukachitafuna nthawi yaitali chimayamba kuzuna.

Ku England kuno nakonso amafulula ndi chimera, koma cha balere. Tauni ya Burton upon Trent, kumpoto kwa Birmingham, inatchuka ndi mowa, ndipo makampani ofulula ankalemba ntchito akatswiri a sayansi kuti amvetse zimene zimachitika mumphika. Mmodzi wa iwo anali Adrian Brown, yemwe anabadwira komweko mu 1852. Mu 1899 anadzayamba kuphunzitsa za chimera ndi kufulula ku Mason College, sukulu imene chaka chotsatira inasanduka University of Birmingham.

Mu 1902 Brown anafalitsa zimene anapeza atafufuza invertase, enzayimu ya mu yisiti imene imadula shuga wa nzimbe. Anaona kuti shuga akachuluka kufika mlingo wina, liwiro la ntchito silikweranso ngakhale uwonjezere wina. Iye anati enzayimu imayamba yagwira shugayo kwa kanthawi isanamudule, ndiye maenzayimu onse akatanganidwa, shuga wotsalayo amadikira. Zili ngati pachigayo: matumba achuluke bwanji pamzere, chigayo chimagaya mwa mphamvu yake. Leonor Michaelis ndi Maud Menten anapitiriza ganizoli ku Berlin mu 1913, ndipo masamu awo akuphunzitsidwabe m'mayunivesite.

Chimene ine chimandikhudza n'chakuti ana athu, kaya ku Handsworth, ku Coventry kapena ku Ntcheu, amaloweza za maenzayimu m'kalasi osadziwa kuti agogo awo amazigwiritsa ntchito. Chonsecho kuyesa kwake sikufuna labotale.

Phikani phala lolimbirako la ufa woyera, muligawe mofanana m'makapu anayi. Kapu yoyamba musathiremo kanthu. Imeneyi ndi yoyerekezera. Yachiwiri idikireni izizire kwambiri mufiriji, kenako muthiremo supuni imodzi ya chimera. Yachitatu muthiremo supuni yomweyo phala lidakali lotentha koma losabwadamuka, pa madigiri 60 mpaka 70. Yachinayi muthiremo chimera chimene mwayamba mwachiwiritsa m'madzi pang'ono kwa mphindi 10. Ufa, madzi ndi nthawi zikhale zofanana m'makapu onse, apo ayi simudziwa chimene chabweretsa kusiyana.

Mphindi 5 zilizonse tapani kaphala pang'ono m'kapu iliyonse, muike pambale, mudonthezepo ayodini wa ku famase wosungunula ndi madzi. Pamene pali sitachi wambiri pamada bii, mwabuluu. Sitachi akamatha mtunduwo umazilala n'kufiirira. Mudzaona kapu yachitatu ikusintha msanga, yozizira ikuchedwa, pomwe yachinayi ingofanana ndi yoyamba, chifukwa kuwiritsa kumawononga enzayimu moti siigwiranso ntchito. Lembani nthawi zonsezo. Chilichonse chimene chakhudzana ndi ayodini mutaye, musadye.

Phindu la chimera pa umoyo ndi lalikulu. Mwana akakwanitsa miyezi 6 amayamba kudya phala uku akuyamwabe, koma kamimba kake n'kakang'ono. Phala likalimba amalephera kumeza, ndiye ambiri amalisungunula ndi madzi, mwana n'kukhuta madzi okhaokha. Kachimera pang'ono kamafewetsa phala lolimba popanda kuchepetsa chakudya chimene chili m'kapumo.

Pali zofunika kusamala. Mbewu yochita chuku isalowe m'chimera, chifukwa chuku china chimatulutsa poizoni wa aflatoxin wowononga chiwindi. Chimera cha mapira chiume bwino ndipo mphukira ndi mizu yake zichotsedwe musanasinje. Phala la mwana likafewa, libwezereni pamoto liwirenso kuti majeremusi obwera ndi chimeracho afe, kenako mumupatse likangozizira.