Ma quarterback ophunzitsidwa ndi Lincoln Riley

Ma quarterback ophunzitsidwa ndi Lincoln Riley ndi osewera mpira wa ku America amene anatsogolera matimu a yunivesite ya Oklahoma ndi yunivesite ya Southern California, yomwe imatchedwanso USC, pansi pa mphunzitsi ameneyu kuyambira mu 2015. Odziwika kwambiri ndi anayi: Baker Mayfield, Kyler Murray, Jalen Hurts ndi Caleb Williams. Mayfield, Murray ndi Williams analandira Heisman Trophy, mphoto yapamwamba ya wosewera wa m'makoleji, ndipo atatu onsewa anali oyamba kusankhidwa pa chisankho cha osewera atsopano cha ligi ya NFL. Hurts anakhala wachiwiri pa mavoti a Heisman.

Anayiwa ndi osiyana msinkhu, liwiro ndi kaseweredwe, koma onse anachita bwino kwambiri ali m'manja mwa munthu mmodzi. N'chifukwa chake otsatira masewerawa amawatchula kawirikawiri akamakambirana za gawo la mphunzitsi pa kukula kwa wosewera.

Ntchito ya quarterback

Mpira wa ku America ndi wosiyana ndi mpira wamiyendo. Mpira wake ndi wosongoka mbali ziwiri ndipo nthawi zambiri umagwidwa ndi manja. Timu iliyonse imakhala ndi osewera 11 m'bwalo lotalika mayadi 100, ndipo yadi imodzi ndi pafupifupi masentimita 91. Timu yomwe ili ndi mpira imapatsidwa mipata inayi yoti isunthe mayadi 10. Ikakwanitsa imapatsidwa mipata ina inayi, ikalephera mpira umapita kwa anzawo. Kufikitsa mpira kumapeto kwa bwalo kumatchedwa touchdown ndipo kumabweretsa mapointi 6.

Quarterback ndi amene amalandira mpira poyamba pa mpata uliwonse. Akhoza kuuponya kutsogolo kuti mnzake awakhe, kuupereka m'manja mwa wothamanga, kapena kuthamanga nawo yekha. Ayenera kuona mmene otchinga aimira, kusankha woti amuponyere, ndi kutulutsa mpira m'masekondi ochepa asanagwetsedwe. Mpira woponyedwa ukawakhidwa ndi wa timu ina amati interception, ndipo ndicho cholakwa chimene aphunzitsi amachiopa kwambiri.

Nthawi imene mphunzitsi ali nayo

Masewera a m'makoleji akuluakulu amayendetsedwa ndi bungwe la NCAA. Mwa malamulo amene ankagwira ntchito m'zaka za osewerawa, wophunzira ankaloledwa kusewera zaka zinayi mkati mwa zaka zisanu, ndipo zochitika za timu sizinkayenera kupitirira maola 20 pa sabata m'nyengo ya masewera. Wosamukira ku yunivesite ina ankakhala chaka chathunthu osasewera, pokhapokha ngati anali atamaliza kale digiri yake. Lamulo lodikira chakali linafewetsedwa mu 2021.

Popeza nthawi ndi yochepa chonchi, mphunzitsi wa ku koleji amayenera kusankha: kuphunzitsa njira zambiri zimene wosewera angazidziwe pang'ono, kapena njira zochepa zimene angazidziwe bwinobwino. Riley anachokera ku gulu la aphunzitsi amene anasankha chachiwiricho.

Riley ndi dongosolo la Air Raid

Lincoln Riley anabadwa mu 1983 ndipo anakulira m'tauni ya Muleshoe ku Texas. Mu 2002 analowa timu ya Texas Tech ngati quarterback wopanda sikolashipu, koma chaka chotsatira mphunzitsi Mike Leach anamutenga kuti azimuthandiza pa uphunzitsi. Leach, pamodzi ndi Hal Mumme, ndiye anayambitsa dongosolo lotchedwa Air Raid ku koleji yaing'ono ya Iowa Wesleyan chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980.

Mu Air Raid, owakha mpira amamwazikana m'lifupi monse mwa bwalo kuti otchinga nawonso amwazikane ndi kusiya mipata. Timu imaphunzira njira zochepa zoponyera mpira n'kumazibwereza tsiku ndi tsiku. Quarterback amapatsidwa ndondomeko ya amene ayambe kumuyang'ana, wachiwiri ndi wachitatu, komanso ufulu wosintha njira akaona kuti otchinga aima mosayembekezeka.

Riley anayendetsa gulu loukira la East Carolina kuyambira 2010 mpaka 2014. Mu 2015 Bob Stoops anamulemba ntchito yomweyo ku Oklahoma, ndipo Stoops atapuma mu Juni 2017, Riley anakhala mphunzitsi wamkulu ali ndi zaka 33. Ku Oklahoma anapeza othamanga amphamvu monga Samaje Perine ndi Joe Mixon, choncho anawonjezera pa Air Raid kuthamanga ndi mpira kwambiri. Otchinga akasendera kutsogolo kuti aletse wothamanga, kumbuyo kwawo kunkatseguka ndipo quarterback ankaponya mpira patali.

Baker Mayfield

Mayfield, wa ku Austin ku Texas, anayambira ku Texas Tech mu 2013 wopanda sikolashipu, pansi pa Kliff Kingsbury. Chaka chimenecho anaponya ma touchdown 12 ndi ma interception 9. Anasamukira ku Oklahoma, anadikira chaka cha 2014, ndipo anatsogolera timuyo kuyambira 2015 mpaka 2017. Mwa anayiwa, iye ndi amene anakhala nthawi yaitali akusewera pansi pa Riley ku Oklahoma.

Mphamvu yake inali kulunjika poponya ndi kuganiza msanga, osati liwiro. Popeza Kingsbury nayenso anali wophunzira wa Leach, Mayfield anafika akudziwa kale maziko a Air Raid. Pa mavoti a Heisman anakhala wachinayi mu 2015, wachitatu mu 2016, ndipo anapambana mu 2017. Chaka chimenecho anaponya mayadi 4,627, ma touchdown 43 ndi ma interception 6 okha, ndipo mipira yoposa 70 pa 100 iliyonse imene anaponya inawakhidwa ndi anzake. Anali munthu woyamba kulandira mphotoyi atayamba kusewera wopanda sikolashipu. Timu ya Cleveland Browns inamusankha woyamba mu 2018.

Kyler Murray

Murray anali wotchuka kuyambira ku sekondale ya Allen ku Texas, komwe anatenga chikho cha chigawocho katatu osagonjapo monga quarterback woyamba. Ku Texas A&M mu 2015 zinthu sizinamuyendere: anaponya ma touchdown 5 ndi ma interception 7. Anasamukira ku Oklahoma, anadikira chaka cha 2016, ndipo mu 2017 anali wachiwiri kwa Mayfield. Izi zinamupatsa zaka ziwiri zophunzira dongosolo asanasenze udindo.

Murray ndi wamtali pafupifupi masentimita 178, zomwe ambiri ankati n'zochepa kwa quarterback, koma ali ndi liwiro lalikulu ndi mkono wamphamvu. Riley anawonjezera njira zimene quarterback amasankha yekha kupereka mpira kapena kuthamanga nawo, malinga ndi kumene wotchinga mmodzi walowera. Mu 2018 Murray anaponya mayadi 4,361 ndi ma touchdown 42, n'kuthamanganso mayadi 1,001 ndi ma touchdown 12, ndipo analandira Heisman. Timu ya baseball ya Oakland Athletics inali itamusankha kale pa nambala 9 mu 2018, koma iye anasankha mpira wa ku America. Arizona Cardinals inamutenga woyamba mu 2019.

Jalen Hurts

Hurts, mwana wa mphunzitsi wa mpira wa ku sekondale ya Channelview ku Texas, anafika ku Oklahoma atasewera kale zaka zitatu ku Alabama pansi pa Nick Saban. M'zaka ziwiri zoyamba anapambana masewera 26 ndi kugonja awiri okha. Mu 2017 anaponya mayadi 2,081, ma touchdown 17 ndi interception imodzi, koma ankadzudzulidwa kuti amafulumira kuthamanga m'malo modikira kuti owakha apeze mpata. Pa fainolo ya dziko lonse yolimbana ndi Georgia mu Januwale 2018 anachotsedwa pa nthawi yopuma, ndipo Tua Tagovailoa analowa n'kupambanitsa timuyo. Ku Alabama woyendetsa gulu loukira ankasintha chaka ndi chaka: Lane Kiffin, kenako Brian Daboll, kenako Mike Locksley.

Popeza anali atamaliza digiri, Hurts anasewera ku Oklahoma mu 2019 osadikira. Riley anali ndi miyezi yochepa yokha, choncho anamanga timu pa mphamvu za thupi za Hurts. Anamuthamangitsa ndi mpira pakati pa otchinga kuposa Mayfield ndi Murray, ndipo kuopa kuthamanga kwakeko kunkatsegulira mipata owakha monga CeeDee Lamb. Hurts anaponya mayadi 3,851 ndi ma touchdown 32, n'kuthamanga mayadi 1,298 ndi ma touchdown 20. Philadelphia Eagles inamusankha pa nambala 53 mu 2020.

Caleb Williams

Williams anaphunzira ku Gonzaga College High School ku Washington, D.C., ndipo mwa anayiwa ndi yekhayo amene Riley anamutenga kuchokera ku sekondale. Mu Okutobala 2021, Oklahoma ikugonja kwa Texas, analowa m'malo mwa Spencer Rattler ndipo timuyo inapambana 55–48. Riley atapita ku USC mu Novembala chaka chomwecho, Williams anamutsatira.

Williams amadziwika ndi kuzemba otchinga ndi kuponya ali pa liwiro pamene njira yokonzedwa yalephereka. Mu 2022 anaponya mayadi 4,537, ma touchdown 42 ndi ma interception 5, n'kulandira Heisman. Mu 2023 USC inapambana masewera 8 ndi kugonja 5, ndipo ena anadzudzula Williams kuti amasunga mpira nthawi yaitali. Chicago Bears inamusankha woyamba mu 2024.

Kuyerekeza anayiwa

Pa kuponya, Mayfield wa 2017, Murray wa 2018 ndi Williams wa 2022 ali pafupi kwambiri: aliyense anapitirira mayadi 4,300 ndi ma touchdown 40. Kusiyana kwakukulu kuli pa kuthamanga. Mayfield ankathamanga pofuna kungopeza nthawi yoponyera, Murray ankadalira liwiro pozungulira otchinga, Hurts ankawaboola ndi mphamvu, ndipo Williams ankathamanga kwambiri zinthu zikasokonekera. Njira zoponyera mpira zinali pafupifupi zomwezo zaka zonsezi, koma gawo la quarterback pa kuthamanga linkasintha malinga ndi munthu.

Nthawi yokonzekera inalinso yosiyana. Mayfield anasewera zaka zitatu m'dongosolo limene ankalidziwa kale, Murray analiphunzira zaka ziwiri asanasenze udindo, pamene Hurts anali ndi chaka chimodzi basi. Ngakhale zinali choncho, manambala a Mayfield, Murray ndi Hurts anakwera kwambiri poyerekeza ndi a ku makoleji amene anachokera.

Izi sizinachitike kwa Riley yekha. Joe Burrow, amene anagonjetsa Hurts pa mavoti a Heisman mu 2019, anaponya ma touchdown 16 ku LSU mu 2018. Timuyo italemba ntchito Joe Brady n'kusintha kaponyedwe ka mpira, Burrow anaponya ma touchdown 60 mu 2019 ndipo LSU inapambana masewera onse 15.

Malire a ntchito ya mphunzitsi

Pali zifukwa zingapo zimene akatswiri amachenjezera kuti ulemu wonse usapite kwa mphunzitsi. Choyamba, osewerawa anafika ali ndi luso kale. Murray ndi Williams anali m'gulu la ana a sekondale ofunidwa kwambiri ku America, ndipo Hurts anali atasankhidwa kale kukhala wosewera wabwino wa gulu loukira mu ligi ya SEC mu 2016.

Chachiwiri, quarterback amadalira anzake. Ku Oklahoma kunali owakha monga Dede Westbrook, Mark Andrews, Marquise Brown ndi Lamb, ndipo oteteza quarterback, ophunzitsidwa ndi Bill Bedenbaugh, analandira mphoto ya Joe Moore Award mu 2018. Chachitatu, si onse amene anakula mofanana. Rattler anafika ku Oklahoma ali wofunidwa kwambiri ndipo anatsogolera timuyo mu 2020, koma anataya malo ake mu 2021, anasamukira ku South Carolina, ndipo New Orleans Saints inamusankha mu gawo lachisanu mu 2024.

Chachinayi, manambala apamwamba sanabweretse chikho cha dziko lonse. Oklahoma inafika mu semifainolo zaka zitatu zotsatizana pansi pa Riley ndipo inagonja konse: 54–48 kwa Georgia ndi Mayfield, 45–34 kwa Alabama ndi Murray, ndi 63–28 kwa LSU ndi Hurts. Pa masewera atatuwa gulu lotchinga la Oklahoma linalola mapointi 45 kapena kuposerapo.

Mu NFL

Zimene zinachitika mu NFL sizinatsatire ndondomeko ya chisankho. Mayfield anachoka ku Cleveland mu 2022, anadutsa ku Carolina Panthers ndi Los Angeles Rams chaka chomwecho, ndipo anakhazikika ku Tampa Bay Buccaneers kuyambira 2023. Murray anayamba ku Arizona pansi pa Kingsbury ndipo anasankhidwa kukhala wosewera watsopano wabwino wa gulu loukira mu 2019, koma anavulala bondo kwambiri mu Disembala 2022.

Hurts, amene anasankhidwa mochedwa kuposa anzakewa, anafikitsa Philadelphia ku Super Bowl kawiri. Mu Febuluwale 2023 anagonja kwa Kansas City Chiefs 38–35, ndipo mu Febuluwale 2025 anaigonjetsa timu yomweyo 40–22 n'kusankhidwa kukhala wosewera wabwino wa tsikulo. Ku Philadelphia, mphunzitsi Nick Sirianni ndi omuthandiza anamanga timu pa kuthamanga kwa Hurts, monga momwe Riley anachitira ku Oklahoma mu 2019.