Ufa Wachikasu wa Kudimba ndi Funso la Zaka 40

Okutobala akafika, anamwino a kuno ku Mozambique amavala kansalu kapinki pachifuwa. Mweziwu amautcha Outubro Rosa, ndipo uthenga wake tonse tinauloweza: mayi azidzipapasa mawere, akamva kambulu asazengereze, athamangire kuchipatala. Ndi uthenga woona. Mu 2022 amayi pafupifupi 2.3 miliyoni padziko lonse anapezeka ndi khansa ya m'mawere, ndipo 670,000 anamwalira nayo. Koma uthenga wonsewu umalankhula ndi mayi wamkulu. Sabata yatha ndinakwera mapiri a Angónia ndi funso lina limene akatswiri akhala akukanganirana kwa zaka zambiri: kodi nthendayi ingabzalidwe mwana ali m'mimba, kapena ali kamtsikana kosewera fulaye, n'kudzamera iye atakula?

Ukachoka pa Ulónguè kulowera ku Dómuè, madambo amakhala obiriwira ngakhale mvula isanagwe. Kachewere, kabichi, tomato ndi anyezi zimene zimadyetsa mzinda wa Tete, zina n'kudutsa pa Calómuè kulowa ku Dedza, zimachokera m'madimba amenewa. Pa dimba lina, mame asanaume, ndinapeza banja likukonzekera kupopera.

Bambo anali atabereka kale mpope kumsana, atavala majombo ong'ambika kuchidendene. Koma wosakaniza mankhwala sanali iye. Anali mkazi wake, mayi wa zaka za m'ma 20, wapakati pooneka bwino, kumsana ataberekanso mwana wongoyamba kuyenda. Anatulutsa kajumbo komanga mfundo, kopanda dzina ngakhale chilembo, kamene anagula pamsika moyeza ndi supuni. Mfundo itakana, anakang'amba ndi mano. Ufa wachikasu unagwera mundowa, wina n'kuuluka ndi kamphepo kukakhala pa tsitsi lake. Anatakasa ndi kamtengo. Ataona kuti pansi pakadali mibulu, anapinda mkono wa bulauzi n'kulowetsa dzanja mpaka m'chigongono, kufinya mibuluyo ngati akukanda ufa wa zitumbuwa. Atatha anapukutira pachitenje, chomwecho chimene chinakulunga mwana.

Madzi ankatunga ndi mwana wawo wamkulu, mtsikana wa zaka ngati khumi, wopanda nsapato. Mpope ukadzaza, iye ankatsatira bambo ake m'mizere, kutukula masamba a kachewere ndi manja kuti mankhwala afike kunsi. Nkhungu yopyapyala inkabwerera pankhope pake, iye n'kumatsinzina, kumaseka. Dzuwa litakwera, onse anakhala pamthunzi wa nthochi, mayi uja n'kutsanulira aliyense thobwa. Nanenso anandipatsa. Chigubu cha thobwalo chinali choyera, cha malita asanu, ndipo m'mbali mwake munkaonekabe zotsalira za pepala la mankhwala a mbewu. Mayiyo anaona pamene maso anga anali. Anandiuza kuti ndisade nkhawa, anachitsuka katatu ndi phulusa ndi mchenga, fungo lonse linachoka.

Apongozi ake, gogo amene ankasankha mbewu ya kachewere pa chiguduli, ndi amene anabweretsa nkhani ya mawere nditanena chimene ndinabwerera. Anati mng'ono wawo anamwalira ndi chotupa cha bere patapita zaka kuchokera pamene banja linabwerako ku Ntcheu, kumene linathawira nkhondo. Pamaliro ena ankati n'chifukwa chosunga ndalama zachitsulo m'kamisolo, ena ankaloza mkazi mnzake wa pamitala. Anthu anafukula zonse zimene malemuwo anachita chaka chimene anadwala. Za kumene anakulira, zimene ankagwira ndi kupuma ali mwana, palibe anafunsa.

Alimi a ku Angónia safunika kuwaphunzitsa kuti mmera mpoyamba. Chimene akatswiri ena akunena n'chomwecho, kungoti munda wake ndi bere. Bere silipangika tsiku limodzi. Timitsempha take toyamba timaumbika mwana ali m'mimba, timagona zaka zingapo, timadzuka n'kuphuka nthambi mtsikana akamatha msinkhu, ndipo timakhwima pa mimba yoyamba. Nthawi zambiri olamula ndi mahomoni, makamaka estrogen, amene amagwira ntchito ali ochepetsetsa m'magazi. Pali mankhwala ena opangidwa ndi anthu amene thupi limawasokoneza ndi mahomoniwa, kapena amene amawatsekereza. Akalowa pa nthawi imene bere likuumbika, angasiye chilema chosaoneka, chodikira zaka.

Kuti zotere zimachitika, umboni wake ulipo ndipo ndi wowawa. Kuyambira cha m'ma 1940 mpaka 1971, amayi apakati mamiliyoni, makamaka ku America, anapatsidwa mankhwala otchedwa DES, estrogen wochita kupanga, poganiza kuti ateteza mimba kuti isachoke. Mu 1971 madokotala ku Boston anapeza khansa yosowa kwambiri ya kumaliseche mwa atsikana obadwa kwa amayi amenewo, ndipo mankhwalawo analetsedwa kwa amayi apakati. Patapita zaka, zinaonekanso kuti ana aakaziwo akapitirira zaka 40, chiopsezo chawo cha khansa ya m'mawere chimakhala pafupifupi kawiri poyerekeza ndi anzawo. Piritsi anamwa mayi, chilonda chinatuluka mwa mwana.

Koma DES anali piritsi lomwa dala, mlingo wake wodziwika. Mkangano weniweni uli pa mankhwala amene timangokumana nawo m'munda, m'nyumba ndi m'chakudya, ndipo palibe amene wakanganitsa anthu kuposa DDT.

M'zaka za m'ma 1990 ndi kumayambiriro kwa 2000, ofufuza ambiri anayeza magazi a amayi odwala khansa ya m'mawere n'kuyerekeza ndi a amayi osadwala, kufunafuna zotsalira za DDT. Ambiri sanapeze kusiyana kulikonse, ndipo nkhaniyo inaoneka ngati yatha. Kenaka kunatuluka zotsatira za ku Oakland, m'chigawo cha California. Kumeneko, pakati pa 1959 ndi 1967, amayi apakati masauzande anapereka magazi, ndipo magaziwo anasungidwa oundana zaka zonsezi. Mu 2007 ofufuza anabwerera ku magaziwo. Anapeza kuti amayi amene anali asanakwane zaka 14 mu 1945, chaka chimene DDT anayamba kumwazidwa paliponse ku America, ndipo magazi awo anali ndi DDT wambiri, chiopsezo chawo chodwala khansayi asanafike zaka 50 chinali kasanu kuposa cha anzawo a DDT wochepa. Mwa amayi amene DDT anawapeza atakula kale, kusiyanaku kunalibe. Mu 2015 anayang'ana ana aakazi obadwa pa mimba zomwe zija. Amene amayi awo anali ndi mtundu wina wa DDT wochuluka kwambiri m'magazi, chiopsezo chawo chinali pafupifupi kanayi.

Ogwirizana ndi zotsatirazi amati kafukufuku wakale uja ankagogoda pakhomo lolakwika. Kuyeza magazi a mayi wa zaka 60 kuti udziwe zimene anapuma ali ndi zaka 9 kuli ngati kufunafuna mapazi a wakuba mvula itagwa kale nyengo makumi asanu. Otsutsa nawo ali ndi mfundo zolemera. Kafukufuku wa 2007 anatsamira pa amayi odwala 129 okha, wa 2015 pa 118. Onse ndi a dera limodzi, a nthawi imene DDT ankapoperedwa m'minda, m'misewu ndi m'makhitchini mopanda malire, ndipo magazi osungidwa chomwecho ndi osowa padziko, moti kubwereza kafukufukuyu kwina n'kovuta. Mu 2015 akatswiri a khansa ochokera m'mayiko osiyanasiyana anaika DDT m'gulu la zinthu zimene n'zotheka kwambiri kuti zimayambitsa khansa, koma umboni umene anaudalira unali wa khansa ya chiwindi, ya machende ndi ya m'magazi, osati ya m'mawere.

Kuno kwathu mkanganowu uli ndi mano, chifukwa DDT ndi mankhwala amene apulumutsa ana ku malungo. America inamuletsa mu 1972, koma pangano la ku Stockholm la 2001 linalola kuti azigwirabe ntchito yopopera m'nyumba kupha udzudzu. Dziko la South Africa litamusiya mu 1996, udzudzu wosamva mankhwala atsopano unabwerera, ndipo mu 2000 odwala malungo anapitirira 60,000. DDT anabwezeretsedwa, chiwerengero n'kutsika. Mozambique nayo inamubweretsanso kumwera kwa dziko m'katikati mwa zaka za m'ma 2000. Ofufuza ku Manhiça anapeza kuti kupopera kutayamba, DDT anachuluka mu mkaka wa amayi oyamwitsa, monga momwe anapezeranso ku Limpopo ndi ku KwaZulu-Natal. Ndiye munthu asankhe chiyani pakati pa malungo amene angaphe mwana sabata ino, ndi khansa imene mwina ingadzamugwire ali ndi zaka 45? Ogwira ntchito ya malungo amati funsolo n'losavuta. A mbali inayo amati n'losavuta chifukwa odzadwalawo sanayambe kulankhula.

Ufa wachikasu wa pa dimba lija si DDT. Ufa wotere, umene alimi a kachewere ndi tomato amalimbana nawo chiwawu, kawirikawiri umakhala mancozeb. Mayiko a ku Ulaya anakana kuwonjezera chilolezo chake mu 2020, ndipo chimodzi mwa zifukwa chinali chakuti amasokoneza mahomoni. Umboni wake waukulu uli pa chithokomiro, osati pa bere. Mankhwala a udzu a atrazine, amene kumeneko anawasiya kalekale, anaonetsa pa makoswe kuti amasintha kakulidwe ka mawere a ana amayi awo akawalandira ali ndi bere. Bisphenol A wa m'mapulasitiki ena olimba anachotsedwa m'mabotolo oyamwitsira ana ku Ulaya mu 2011. Palibe mwa awa amene tinganene motsimikiza kuti ndiye anabweretsa chotupa cha mayi wakutiwakuti. Zodziwika bwino zikadali zomwe zija: ukalamba, mtundu wa kubanja, mowa, kunenepa kwambiri mayi atasiya kusamba. Kuyamwitsa nthawi yaitali kumachepetsa chiopsezo, ndipo ngakhale ofufuza amene anapeza DDT mu mkaka sanauze mayi aliyense kuti aletse mwana bere.

Chimene mbali zonse sizikanganirana n'chimene ndinaona pa dimbapo. Ngati pali anthu awiri oyenera kukhala kutali ndi ndowa ija, ndi mayi wapakati ndi mtsikana woyandikira kutha msinkhu, ndipo awiriwo ndi amene anali pafupi kwambiri. Si kusasamala. Mpope wodzaza ndi wolemera, ndiye amabereka ndi bambo. Kutakasa ndi kutunga kumaoneka ngati ntchito yopepuka, yofanana ndi ya kukhitchini, ndiye imagwera mayi ndi mwana wamkazi. Kusintha zimenezi sikufuna ngakhale metikali imodzi: atakase ndi bamboyo, ndi mtengo wautali, mphepo ikuchokera kumbuyo kwake. Kuchiza ndiye kokwera mtengo. Kuchoka pa Ulónguè kukafika ku Tete ndi makilomita oposa 200, ndipo makina owotcha khansa anayamba kugwira ntchito m'dziko muno mu 2019, ku Maputo, ulendo wa makilomita oposa 1,500.

Ku sikelo mayi wapakati amafunsidwa ngati akugona m'masikito, ngati akumwa mapiritsi owonjezera magazi, ngati mwana akusewera m'mimba. Mayi uja anati sanafunsidwepo ngati amasakaniza mankhwala kudimba. Anaseka nditamufunsa, n'kunena kuti ngakhale atafunsidwa, chiwawu sichidikira kuti munthu achire.

Pobwerera ndinadikira chapa, minibasi ya kuno, pafupi ndi msika wa Ulónguè. Pambali pa ogulitsa anyezi panali mulu wa zigubu zopanda kanthu, zomangidwa chingwe chimodzi m'zigwiriro: zachikasu za mafuta ophikira, zoyera, zabuluu. Zoyerazo akuti zimayenda malonda chifukwa n'zolimba, sizing'aluka zikagwa panjinga. Mtsikana wina wovala yunifomu ya sukulu, wotumidwa ndi amayi ake, ankatsegula chimodzichimodzi, kulowetsa mphuno, kutseka, kutenga china. Chachinayi chinamukhutiritsa. Analipira, n'kuchisenza pamutu chopanda kanthu, akuchiimba ngati ng'oma ndi zala njira yonse yotsikira kumjigo.