Mabuku achikondi ayamba kupereka ukwati kwa odwala osachira: zatheka bwanji?

Pakati pa mzinda wa Indianapolis, likulu la chigawo cha Indiana ku America, pafupi ndi laibulale yaikulu ya boma la chigawochi, pali chikwangwani chimene chinaikidwa mu 2007. Chimakumbutsa odutsa za lamulo la mu 1907, loyamba la mtundu wake m'dzikolo, limene linapatsa boma mphamvu yotseka anthu ena amene linkawasunga kuti asabereke, makamaka amene linkawaona ngati osakwanira nzeru. Anthu pafupifupi 2,500 anachitidwa zimenezi malamulowo asanathetsedwe mu 1974. Lamulo lina la mu 1905 linkaletsa anthu odwala khunyu ndi amisala kulowa m'banja.

Funso limene malamulowo ankayankha mwankhanza, lakuti ndani ali woyenera kukondedwa ndi kumanga banja, ndi lomwenso olemba mabuku a nkhani zachikondi akulimbana nalo masiku ano. M'zaka zaposachedwapa, mabuku otere ayamba kuika patsogolo anthu aulumali ndi ena amene amakhala ndi ululu wosatha, ndipo ena mwa mabukuwa agulidwa kwambiri.

Kodi kale ankawalemba motani?

Kwa nthawi yaitali, munthu wolumala m'nkhani yachikondi ankakumana ndi chimodzi mwa zinthu ziwiri: kuchira kapena kufa. M'buku la Jane Eyre, limene Charlotte Brontë anatulutsa mu 1847, mwamuna wa m'nkhaniyo amachita khungu ndi kuduka dzanja pa ngozi ya moto, koma atakwatira, diso lake limodzi limayambanso kuona. Uthenga wobisika ndi wakuti chimwemwe chenicheni chimabwera limodzi ndi machiritso.

Njira ya imfa inaonekera kwambiri m'buku la Me Before You la Jojo Moyes la mu 2012. Mnyamata wofa ziwalo chifukwa cha ngozi amapeza womukonda, komabe amasankha kukafera ku Switzerland mothandizidwa. Kanema wa bukuli atatuluka mu 2016, omenyera ufulu wa anthu aulumali ku Britain ndi ku America anachita zionetsero, ponena kuti nkhaniyo ikuphunzitsa kuti kufa n'kwabwino kusiyana ndi kukhala pa njinga ya olumala.

Mzinda wa Indianapolis nawo uli ndi buku lake lotchuka pa nkhaniyi. John Green, amene amakhala mumzindawu, anatulutsa The Fault in Our Stars mu 2012, ndipo nkhani yake imachitikira momwemo. Mtsikana Hazel ali ndi khansa ya chithokomiro imene inafalikira m'mapapo, kotero amayenda ndi thanki ya mpweya. Mnyamata Augustus anadulidwa mwendo chifukwa cha khansa ya m'mafupa. Green anayamikiridwa chifukwa cholemba achinyamata odwala ngati anthu athunthu, a nthabwala, mkwiyo ndi chilakolako. Komabe nkhaniyo imathera pa maliro. Mu 2017 anatulutsa Turtles All the Way Down, yochitikiranso ku Indianapolis, yonena za mtsikana wovutika ndi matenda a maganizo otchedwa OCD, amene Green mwini wake ali nawo. M'bukuli mtsikanayo sachira ndipo safa. Amaphunzira kukhala nawo matendawo.

Nanga chasintha n'chiyani?

Mabuku amene ogulitsa ku America amawaika m'gulu la nkhani zachikondi ali ndi lamulo lawo: nkhani iyenera kuzungulira pa anthu okondana, ndipo iyenera kutha mosangalatsa. Choncho mlembi akaika munthu wodwala matenda osachiritsika pakati pa nkhani yotere, ndiye kuti walonjeza owerenga kuti munthuyo adzakondedwa mpaka pamapeto. Chatsopano n'chakuti alembi ambiri tsopano akusunga lonjezolo popanda kumuchiritsa munthuyo.

Chitsanzo chodziwika ndi Get a Life, Chloe Brown, buku la mu 2019 la Talia Hibbert wa ku Britain. Chloe ali ndi fibromyalgia, matenda ochititsa kuphwanya kwa thupi lonse ndi kutopa kosaneneka, ngakhale munthu akuoneka wabwinobwino. Hibbert naye ali ndi matendawa. Mu 2021, Tia Williams wa ku America analemba Seven Days in June, momwe mayi wolera yekha mwana amavutika ndi mutu waching'alang'ala wosaleka, vuto limene mlembiyo wakhala nalo kuyambira ali mwana. Chloe Liese, m'buku la Always Only You la mu 2020, analemba za mkazi wa nyamakazi yotupitsa molumikizira mafupa, amene amayenda ndi ndodo. Ndipo Fourth Wing ya Rebecca Yarros, imene inagulidwa kwambiri mu 2023, ili ndi mtsikana amene mafupa ake amaguluka msanga, mofanana ndi matenda a Ehlers-Danlos amene mlembiyo ali nawo.

M'mabuku amenewa chikondi sichikhala mankhwala. Chimaonekera m'zinthu zazing'ono: kusintha ulendo chifukwa mnzako wadzuka thupi likuwawa, kudziwa nthawi yomwera mapiritsi, kufunsa usanathandize, ndi kukhulupirira munthu akati akumva ululu ngakhale palibe bala looneka.

N'chifukwa chiyani nkhaniyi ili yofunika?

Madokotala amati ululu ndi wosatha ukapitirira miyezi itatu. Bungwe loona za matenda ku America la CDC linapeza kuti mu 2023 akuluakulu 24 pa 100 alionse m'dzikolo anali ndi ululu wotere. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati anthu 1.3 biliyoni, kapena kuti 16 pa 100 alionse, ali ndi ulumali waukulu. Ambiri mwa anthu amenewa ndi owerenga, ndipo akhala akuwerenga nkhani zachikondi zimene munthu wonga iwo amangokhala wodwazikidwa kapena womvetsa chisoni.

Zotchinga za ukwati nazonso sizinatheretu. Ku America, munthu wolumala wolandira thandizo la boma lotchedwa SSI saloledwa kukhala ndi chuma choposa madola 2,000, koma awiri akakwatirana malire awo amakhala madola 3,000 okha, ndipo ndalama zimene amalandira zimatsika. Ena amasankha kukhalira limodzi osamangitsa ukwati poopa kutaya thandizolo.

Kodi onse akukhutira?

Ayi. Owerenga ena aulumali amadandaula kuti mabuku ambiri amasankha matenda osaoneka ndi maso, pamene anthu osamva, osaona kapena ofunika womusamalira tsiku ndi tsiku akusowabe. Ena amati ululu umatchulidwa koyambirira kwa buku, kenako n'kuzimirira nkhani ikafika pokoma. Palinso kudandaula kuti anthu a m'nkhanizi kawirikawiri amakhala opeza bwino, moti funso la ndalama za kuchipatala siliwakhudza.

Mtsutso wina ndi wa amene ayenera kulemba nkhani zotere. Mu 2015 mlembi Corinne Duyvis wa ku Netherlands anayambitsa mawu oti OwnVoices pozindikiritsa mabuku olembedwa ndi anthu amene akukumana ndi zomwe akulembazo. Koma mu 2021 bungwe la We Need Diverse Books linasiya kugwiritsa ntchito mawuwa, mwa zina chifukwa alembi ankakakamizika kuulula za moyo wawo, kuphatikizapo matenda, kuti akhulupiriridwe.

Nanga ku Malawi?

Kalembera wa mu 2018 anasonyeza kuti Amalawi oposa mmodzi pa khumi alionse ali ndi ulumali wina wake. Dziko la Malawi linavomereza mu 2009 pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali, limene gawo lake la 23 limateteza ufulu wokwatira ndi kukhala ndi ana. Koma lamulo silikhala nawo pa zokambirana za ankhoswe, pamene achibale angafunse ngati mkazi wodwaladwala adzatha kulima ndi kutunga madzi, kapena ngati mwamuna woyenda pa njinga adzadyetsa banja. Mafunso otere amachokera pa zimene anthu anazolowera kumva ndi kuona, ndipo masewero a pa wailesi, nyimbo ndi nthano za m'nyuzipepala zili ndi gawo pa kuzolowera kumeneko.

Ku Indianapolis, laibulale ya boma ija, imene ili pafupi ndi chikwangwani cha lamulo la 1907, ndi imenenso imabwereketsa mabuku omvetsera ndi a zilembo za Braille kwa anthu osaona ndi ena amene manja awo sangathe kugwira buku. Ntchitoyi ndi yaulere, ndipo mabukuwo amatumizidwa mpaka kunyumba kwa wowerenga.