Ophunzira Uphunzitsi ndi Katemera wa HPV

Pakati pa anyamata ndi atsikana a m'makoleji dzina la HPV limamveka ndithu, koma si onse amene adziwa tanthauzo lake. Ena amalisokoneza ndi HIV chifukwa malembo ake ngofanana. Ena amati ndi nkhani ya akazi okha. Ndipo ena, poona kuti katemera wake amaperekedwa kwa ana, amati iwo siziwakhudza. Maganizo atatuwa afunika kuwongoledwa, makamaka mwa munthu amene posachedwa adzaima patsogolo pa ana m'kalasi.

HPV ndi kachilombo kotchedwa human papillomavirus, ndipo kali ndi mitundu yoposa 200. Mitundu ina imafala pamene mwamuna ndi mkazi akhalira malo amodzi, kotero kuti anthu ambiri, amuna ndi akazi omwe, amakatenga pa nthawi ina ya moyo wawo osadziwa konse. Mwa ambiri thupi limakagonjetsa lokha zisanathe zaka ziwiri. Koma pali mitundu ina imene ikakhalitsa pa khomo la chiberekero imawononga minofu ya pamenepo pang'onopang'ono kufikira itasanduka khansa. Zimenezi zimatenga zaka 15 kapena 20. Koma kwa mayi amene chitetezo cha m'thupi mwake chafooka, monga amene ali ndi HIV ndipo salandira mankhwala, zitha kutenga zaka 5 kapena 10 zokha. Chotero tizilombo tiwiriti ntosiyana, ngakhale kuti kena kamatsegulira kanzake njira. Amuna nawonso sali pabwino, pakuti kachilomboka kamayambitsa khansa ya kukhosi ndi ya kumaliseche mwa iwonso.

Amene anatulukira gwero la nthendayi ndi Harald zur Hausen wa ku Germany. M'zaka za 1983 ndi 1984 iye ndi anzake anapeza mitundu iwiri, ya nambala 16 ndi 18, m'zotupa za khomo la chiberekero, ndipo analandira mphotho ya Nobel mu 2008. Mitundu iwiriyi ndiyo imayambitsa khansa imeneyi mwa amayi pafupifupi 7 pa 10 alionse oidwala. Katemera woyamba anavomerezedwa mu 2006. M'Malawi, dziko limene lili m'gulu la maiko ovutika koposa ndi nthendayi, katemerayu anayamba kuperekedwa moyesera m'maboma a Rumphi ndi Zomba mu 2013, ndipo mu January 2019 anafika m'dziko lonse kwa atsikana a zaka 9.

Nanga nchifukwa ninji amabaya ana aang'ono chotere? Yankho nlakuti katemera amateteza, sachiza. Ntchito yake ndi kuphunzitsa thupi kuzindikira kachilombo kasanalowe. Ngati kalowa kale, katemera sangakachotse. Paja akulu anati m'mera mpoyamba. Nchifukwa chake bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limalangiza kuti atsikana abayidwe ali ndi zaka 9 mpaka 14, msinkhu umene thupi limalandiranso katemera mwamphamvu. Mu 2022 bungweli linanena kuti kubaya kamodzi kokha nkokwanira kwa atsikana ambiri.

Pamene katemera afika pa mudzi, mphekesera nazo sizichedwa. Yaikulu ndi yakuti mwana wobayidwa sadzabereka. Palibe umboni uliwonse wa zimenezi, ngakhale kuti atsikana mamiliyoni ambiri abayidwa m'maiko osiyanasiyana chiyambire 2006. Mu katemeramo mulibe kachilombo kamoyo, koma chifanizo chabe cha chikopa chake. Chimene mwana amamva kawirikawiri ndi kuwawa kwa mkono, mwina ndi kutentha thupi pang'ono, ndipo zimatha pa masiku owerengeka. Chimene chimalanda mkazi ubereki, ndi moyo womwe, ndi khansayo.

Apa ndi pamene nkhaniyi ikhudza wophunzira uphunzitsi. Atsikana a msinkhu umenewu ali m'sukulu za pulayimale, ndipo azaumoyo amawapeza komweko. Kholo lokayika silipita kwa dokotala wa kutali. Limafunsa mphunzitsi amene limamdziwa. Mphunzitsiyo akayankha mozengereza, kapena akabwereza mphekesera imene anamva ali ku koleji, tsiku la katemera mwana amabisidwa kunyumba, ndipo zotsatira zake zidzaoneka patapita zaka makumi awiri, iye ali mayi wa ana.

Mu 2020 WHO inaika cholinga chakuti pofika 2030 atsikana 90 pa 100 alionse akhale atalandira katemerayu pokwanitsa zaka 15. Cholinga chotere sichingatheke popanda aphunzitsi. Tsono wophunzira aliyense, wamwamuna ndi wamkazi yemwe, ayenera kutuluka m'koleji akutha kufotokoza m'chinenero cha makolo zinthu zitatu: kusiyana kwa HPV ndi HIV, chifukwa chobayira ana, ndi kufunika kwakuti amayi aziyezetsa khomo la chiberekero ku chipatala, angakhale amene anabayidwa kale.