Impso ndi imodzi, odwala awiri: tipatse agogo kapena mnyamata?

Tiyerekeze kuti inu ndinu dokotala ku Amereka. M'manja mwanu muli impso ya munthu amene wangomwalira pa ngozi. Pamzere pali agogo azaka 70 ndi mnyamata wazaka 25, onse impso zawo zinasiya kugwira ntchito. Muipereka kwa yani? Musathamangire kuyankha, abale anzanga.

Za ndalama anzathuwa anakonzako kale. M'chaka cha 1965 Pulezidenti Lyndon Johnson anasaina lamulo lokhazikitsa Medicare, inshuwalansi ya boma yothandiza anthu azaka 65 kupita m'tsogolo. Mu 1971 wodwala wina, Shep Glazer, analumikizidwa ku makina osefa magazi aphungu akuonerera, ndipo mu 1972 lamulo linalola kuti odwala impso alowe mu Medicare ngakhale asanakalambe. Tsono agogo aja opaleshoni boma liwalipirira. Pa mankhwala oletsa thupi kukana impso yachilendoyo, omwe amamwa moyo wonse, Medicare imapereka 80 peresenti, yotsalayo apisa okha m'thumba kapena ilipire inshuwalansi ina.

Komatu ndalama sizibala impso. Inu a geni musaganize zokaoda, pakuti lamulo la 1984 linaletsa kugulitsa ziwalo za munthu m'dzikomo. N'chifukwa chake anthu oposa 100,000 ali pamzere, ambiri mwa iwo akudikira impso.

Mu 2014 anasintha kagawidwe. Impso zabwino koposa, 20 pa 100 iliyonse, zimayamba zapita kwa odwala amene akuyembekezeka kukhala nazo zaka zambiri. Apa mnyamata uja wawina. Agogo amene anakhoma msonkho wa Medicare moyo wawo wonse angoti kukamwa yasa.

Kodi n'kulakwa? Ine ndikuti ayi, bola agogowo asatayidwe. Ku Ulaya bungwe la Eurotransplant, lomwe muli maiko ngati Germany ndi Netherlands, linapeza nzeru mu 1999: impso ya womwalira wazaka 65 kapena kuposa imaperekedwa kwa wodwala wa msinkhu womwewo. Impso yomwe madokotala akanainyoza kuti yakalamba imamuchotsa munthu pa makina aja, omwe amamudyera maola anayi katatu pa sabata.

Agogo sakupempha zaka 40 ayi. Akupempha zoti aone mdzukulu akumaliza sukulu. Boma lomwe linalandira msonkho wawo liwapezere impso ya msinkhu wawo, lisangowalipirira makina mpaka tsiku la maliro.